Mbewu Yobereka Kwambiri Imadyanso Kwambiri

Nkhani yathu ya lero ikuchokera kutali, ku dziko la India, m'zigawo za Karnataka ndi Kerala, kumene mabanja ambiri amadalira mtengo wotchedwa areca. Mtengo umenewu ndi wa banja la kanjedza, wautali ndi woonda, ndipo njere zake anthu akumeneko amatafuna pamodzi ndi tsamba la betel.

Akatswiri a bungwe la Central Plantation Crops Research Institute, pa malo awo ofufuzira a Vittal, anatulutsa mitundu yobereka kwambiri monga Mangala, Sumangala ndi Sreemangala. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Michere imene mtengo waika m'zipatso waitenga m'nthaka, motero mtengo wobereka kwambiri uyenera kubwezeredwa zambiri.

Tamverani miyeso yake. Mtengo umodzi wa makolo umafuna magalamu 100 a nayitirojeni, 40 a fosifeti ndi 140 a potashi pa chaka. Mtengo wobereka kwambiri, monga Mangala, umafuna magalamu 150, 60 ndi 210. Ndiye kuti pa muyeso wakale uja aonjezerapo theka lake. Dziŵaninso kuti manambalaŵa akunena za chakudya chenicheni cha mtengo, osati kulemera kwa feteleza wa m'thumba. Kuti mlimi apereke magalamu 150 a nayitirojeni, ayenera kuthira pafupifupi magalamu 325 a yureya.

Feteleza yekha sakwanira. Mtengo uliwonse umafunanso makilogalamu 12 a masamba aaŵisi ndi makilogalamu 12 a manyowa kapena kompositi, kaamba kakuti dothi lofiira la kumeneko silisunga chakudya. Mvula yamphamvu imene imagwa kuyambira mu Juni kufikira mu Seputembala imachitsuka msanga, makamaka nayitirojeni ndi potashi.

N'chifukwa chake sathira zonse nthaŵi imodzi. Mlimi wodalira mvula amathira gawo lina mu Epulo kapena Meyi, ndipo lotsalalo mu Seputembala kapena Okutobala, mvula ikayamba kuchepa. Amapalasa dothi mozungulira tsinde, kuthira feteleza, nakwirira. Mtengo waung'ono saupatsa muyeso wonse: chaka choyamba umalandira gawo limodzi mwa magawo atatu, chaka chachiŵiri magawo aŵiri, ndipo muyeso wonse umayamba chaka chachitatu.

Mlimi amene wabzala Mangala n'kumaudyetsa ngati mtengo wa makolo amadzinyenga yekha. Masamba amachita chikasu, zipatso zimachepa, ndipo zaka zimene anadikira kuti mtengo ukule zimapita pachabe. Chimanga chongofota chikhoza kubzalidwanso chaka chamaŵa, koma mtengo wofooka sukonzeka m'nyengo imodzi.

Tsono inu amene mumagula mbewu za makono, kaya ndi chimanga cha haibulidi kaya mitengo ya zipatso, musanafunse kuti mbewuyo idzakupatsani matumba angati, yambani mwafunsa alangizi a zaulimi kuti imadya chiyani, mochuluka bwanji, ndiponso nthaŵi yanji.