Mabuku a Nthano Zodabwitsa: Kodi Ndi Bodza Lokhalokha?

Makolo ambiri akapeza mwana akuwerenga buku lonena za zinjoka zolavula moto ndi mphete zamatsenga, amamulanda, amvekere: "Zabodza izi, kawerenge za mayeso!" Komatu nkhaniyi njofunika kuilingalira mofatsa.

Mmodzi mwa alembi otchuka a mabuku otere ndi J.R.R. Tolkien, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Oxford ku England. Ali mnyamata, m'chaka cha 1916, anamenya nawo nkhondo ya ku Somme m'dziko la France, kumene anzake apamtima awiri anafera. Buku lake la The Hobbit linatuluka mu 1937, ndipo The Lord of the Rings linatsatira mu 1954 ndi 1955, m'magawo atatu.

M'buku lachiwirili muli mphete yopatsa mphamvu zolamulira ena, koma yowononga mtima wa aliyense woisunga. Gandalf, nkhalamba yanzeru, akuikana poopa kuti ingamusandutse wankhanza. Woisenza kukaiponya m'phiri la moto ndi Frodo, kamunthu kakafupi kopanda ufumu ngakhale asilikali. Iyenso, atafika pamotopo, akukanika kuitaya. Mpheteyo ikuwonongeka chifukwa cha Gollum, yemwe Frodo anamuchitira chifundo m'mbuyomo, osamupha.

Mphete yotere kulibe, koma dyera la ulamuliro lilipo ndithu. Wowerenga akavomera malamulo a dziko la m'bukumo, monga ana avomerera kuti kalulu amayankhula m'nthano za madzulo, amasangalala, kenaka nkudzifunsa kuti: "Ikadakhala m'manja mwanga, ndikadaitaya kodi?" Buku lodzutsa funso lotere mumtima mwa mwana siloyenera kulandidwa.