Sitima ya Kingswear Castle pa Mtsinje wa Dart



Kingswear Castle ndi sitima yapamadzi yoyendera nthunzi imene inapangidwa mu 1924 ndi kampani ya Philip and Son ku Dartmouth, m'chigawo cha Devon ku England. Ilibe chopalasira cha kumbuyo monga sitima zamakono. M'malo mwake ili ndi mawilo aakulu awiri, lina kumanja lina kumanzere, okhala ndi zipalasiro zimene zimakankha madzi ngati nkhafi za bwato. Mwa sitima zamtunduwu zimene zikuyendabe ku Britain, ndi yokhayi imene imasonkhezerabe malasha.

Chodabwitsa n'chakuti injini yake ndi yakale kuposa sitimayo. Inapangidwa mu 1904 ndi kampani ya Cox ku Falmouth, ndipo poyamba inali m'sitima ina ya dzina lomweli, imene zotsalira zake zidakali m'matope m'mphepete mwa mtsinje wa Dart kufupi ndi tawuni ya Totnes. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Wosonkheza moto amathira malasha ndi fosholo, madzi amawira, nthunzi n'kukankha pisitoni yoyamba. Nthunzi yomweyo siitayidwa msanga ayi. Imapita kukakankhanso pisitoni yachiwiri isanathe mphamvu. Amisiri akale sankafuna kuwononga malasha, ndipo nzeru imeneyi ikugwirabe ntchito patatha zaka zoposa 100.

Mawilo a m'mbali amayenerana ndi mitsinje yosazama chifukwa sitima yotere simira kwambiri m'madzi. N'chifukwa chake ngakhale sitima ya Ma Robert, imene David Livingstone anabwera nayo ku Zambezi mu 1858 n'kukwera nayo mtsinje wa Shire, inali ya mawilo. Mtsinje wa Dart nawo umadzaza ndi kuphwa motsatira nyanja yamchere, moti ulendo wokafika ku Totnes umadikira nthawi imene madzi akwera.

Sitimayi inasiya kunyamula anthu mu 1965. Ikanaphwasulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, koma mu 1967 bungwe la Paddle Steamer Preservation Society linaigula. Kenako inapita ku mtsinje wa Medway, kumene anthu ongodzipereka anatha zaka zambiri akupala dzimbiri, kusintha matabwa owola ndi kukonza injini. Inayambanso kunyamula anthu mu 1985, ndipo kumapeto kwa 2012 inabwerera kwawo ku Dart. Ulemu waukulu pa nkhani yonseyi ukuyenera kupita kwa anthu amenewa.

Wokwera sitimayi kuchokera ku Dartmouth amaona sukulu ya asilikali apamadzi ya Britannia Royal Naval College pamwamba pa phiri, mudzi wa Dittisham, komanso nyumba ya Greenway imene wolemba mabuku Agatha Christie ankapumulirako. Nkhalango zimatsetsereka mpaka kukhudza madzi. Liwiro ndi lochepa, ndipo ulendo wotere sufuna munthu wapachangu.

Kusunga sitima yachitsulo pamadzi kumadya ndalama chaka ndi chaka: utoto, malasha, kuyeza chowiritsira madzi, ndi kuphunzitsa achinyamata luso limene sukulu zambiri zinasiya kuphunzitsa. Gawo lina la ndalamazi limachokera ku matikiti a okwera, lina ku zopereka za anthu akufuna kwabwino.