Khola la kalulu limayambira kuphazi

Lero tili ndi kalulu, koma osati uja wa m'nthano wopusitsa njovu ndi fisi. Tikunena kalulu woweta, uyu ana athu amamuthyolera chisoso ndi kholowa akaweruka kusukulu, yemwenso mabanja ena m'tauni amamusunga m'nyumba ngati mphaka.

Dzina ndi limodzi, koma nyama ndi ziwiri. Kalulu wakutchire kwathu kuno sakumba una. Amangobisala pa udzu, ndipo ana ake amabadwa ndi ubweya, maso ali otsekula. Woweta uja makolo ake ndi a ku Spain ndi Portugal, komwe amakumba mauna olumikizana pansi pa nthaka. Bere lake ndi la masiku pafupifupi 31, ndipo ana amabadwa opanda ubweya, osaona. Choncho mukamakhoma khola dziwani kuti mukumangira nyama yokumba, yotafuna chilichonse, yozolowera kuzizira kwa kuuna. Musanagule msomali, funsani ziwalo zake zitatu: phazi, dzino ndi khutu.

Tiyambe ndi phazi. Galu ndi mphaka ali ndi timinofu tofewa topondera. Kalulu alibe. Pakati pa fupa lake ndi pomwe wapondapo pali kakhungu kopyapyala ndi ubweya basi. Akamakhala pa waya wosongoka kapena pamalo ponyowa tsiku ndi tsiku, ubweya wa kuchidendene umasosoka, khungu limafiira, kenako pamabuka chilonda chovuta kupola. Akalulu olemera, monga New Zealand White ndi Flemish Giant, ndiwo savuta kugwidwa ndi vutoli. Choipa n'chakuti kalulu salira ngati mbuzi. Amangosiya kuyendayenda, kudya kumachepa, mwini wake n'kumati ndi ulesi.

Nanga pansi tiyale chiyani? Ambiri kumudzi amayala nsungwi zong'amba, ndipo amachita bwino. Nsungwi ndi yolimba, sinyowa msanga, mtengo wakenso ndi wofikirika. Mbali yoterera ija iyang'ane kumwamba, m'mphepete mwake mupale ndi mpeni kuti musacheke, ndipo mitu ya misomali imire. Pakati pa nsungwi ndi inzake musiye mpata wongokwana chala chaching'ono, ngati sentimita imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Mpata ukakula, kamwendo ka mwana wa kalulu kamalowa n'kuthyoka. Ukachepa, ndowe sizigwa, ndipo ndowe zokhalitsa ndizo zimafalitsa tizirombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba omwe amapha ana ongosiya kuyamwa.

Ena amakonda waya chifukwa savuta kutsuka. Ngati ndi choncho, sankhani waya wokhuthala, wowotcherera, wa timabowo ting'onoting'ono, osati uja wopyapyala wa khola la nkhuku. Komabe pansi ponse pasakhale waya yekhayekha. Mbali ina ikani thabwa losalala kapena mtolo wa udzu wouma, kalulu azipumitsirapo mapazi.

Simenti ili ndi ubwino wake: kalulu sangaikumbe, khoswe amavutika kuiboola. Koma ndi yolimba, ndipo mu June ndi July imazizira koopsa. Ipendekeke pang'ono kuti mkodzo uziyenda, pamwamba pake payalidwe udzu wouma wosinthidwa kawirikawiri. Dothi ndilo kalulu amalikonda kuposa zonse, popeza kukumba ndi chibadwa chake. Koma amene wasankha dothi adziwe kuti usiku umodzi wokha kalulu akhoza kutulukira kuseri kwa mpanda, m'dimba la eni ake. Maziko a njerwa alowe pansi, kapena mukwirire waya kunsi kwa dothilo.

Inu amene mumasunga kalulu m'nyumba, chenjerani ndi matailosi. Phazi laubweya limaterereka pamenepo, miyendo imatambalala, ndipo kalulu akadzidzimuka akhoza kuvulala chiuno kapena msana. Muyalireni mphasa kapena mkeka. Akaudya pang'ono palibe kanthu, poti ndi bango ndi mlaza. Kapeti, chiguduli chothothoka ulusi ndi thumba la feteleza ndiye ayi. Kalulu satha kusanza. Ulusi umene wameza uyenera kudutsa m'matumbo monse, ndipo ukatsekereza, imfa siichedwa. Utuchi wosalala ngati ufa nawonso umamulowa m'mphuno ndi m'maso.

Phazi tathana nalo, tsopano tibwere ku dzino, poti dzino ndilo limalamula za zipupa.

Kalulu ali ndi mano 28, ndipo onse amakula moyo wake wonse. Akutsogolo amatalika pafupifupi mamilimita awiri pa sabata. Akamapala thabwa si mwano ayi, akufupikitsa mano. Choncho chilichonse chimene mwamangira chipupa, muchitenge ngati chakudya chake. Tiyeni tinene zoona: ambiri timapaka oyilo wakuda wa galimoto pa mitengo pothawa chiswe. Pa miyendo ya khola, pansi pomwe kalulu safika, palibe mlandu. Mkati mwa khola oyiloyo ndi poizoni. Chimodzimodzi mapolo onyikidwa m'mankhwala, zitseko zakale zokhala ndi penti wosendeka yemwe nthawi zina amakhala ndi mtovu, ndi matabwa aja omata ndi guluu omwe amafufuma akangonyowa. Nthambi za nkhadze musaziyandikitse n'komwe, utomoni wake umawotcha. Mukafuna kumupatsa chotafuna, muduleni nthambi za mabulosi.

Amisiri odziwa ntchito ali ndi kanzeru kena. Waya amamukhomera mkati mwa felemu, matabwa n'kutsalira kunja, dzino lisawapeze. Nsonga za waya azipinde ziloze kunja. Ndipo kumbukirani kuti chipupa chili ndi ntchito ziwiri, kutsekera kalulu mkati ndi kutsekera adani kunja. Waya wa nkhuku uja galu wanjala amaung'amba, kalulu mwini wakenso amatha kuudula. Njoka ndi khoswe zimalowa pa bowo lomwe inu mungati n'lochepa. Khola loyalidwa nsungwi kapena waya mulikweze pafupifupi mita imodzi, ndipo miyendo yake muiimike m'zitini zamadzi kapena muwaze phulusa mozungulira, linthumbu lisakwere kukatha ana m'chisa.

Chomaliza ndi khutu. Kalulu satuluka thukuta ngati ife. Kutentha kwa m'thupi kumatulukira m'mitsempha ya m'makutu ake aataliwo. Kukapitirira madigiri 30 amayamba kuvutika, amagona chotambalala, akupuma mwawefuwefu. Ndiye taganizirani khola la malata mbali zonse mu October ku Nsanje, ku Chikwawa kapena ku Salima. Umenewo ndi uvuni. Denga la udzu limaposa lata, ndipo ngati lata lilipo kale, yalani udzu kapena mapesi pamwamba pake, khola likhale pamthunzi. Kumadera ozizira monga Dedza ndi Mzuzu, kapena komwe kumawomba chiperoni, tsekani mbali yochokera mphepo ndi nsungwi kapena bango, koma kutsogolo kukhale kwa waya. Khola lopanda mpweya limasunga fungo la mkodzo, ndipo fungo limenelo limabweretsa chimfine.

Ndikusiyireni kantchito. Mawa m'mawa lowetsani dzanja m'khola, mukanikize chikhatho pansi mwamphamvu, muwerenge mpaka 30. Chikakubayani, chikanyowa, kapena chikatuluka ndi mizere ya waya, dziwani kuti kalulu wanu amapirira zimenezo usana ndi usiku. Kenako munyamuleni, dzanja lina pachifuwa lina kumatako, osati kumukoka makutu, muone zidendene zake. Mukapeza chilonda, sinthani choyala tsiku lomwelo ndipo muonane ndi alangizi a ziweto a m'dera lanu. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyama yosadandaula ngati imeneyi imafuna mwini woyang'anitsitsa.