Kusankha Kompyuta Yojambulira Nyimbo Pakhomo

Kale woimba wa m'dziko muno akafuna kuti nyimbo yake imveke, ankanyamula gitala kapena banjo yake ulendo wa ku Blantyre, kukadikira tsiku lake m'situdiyo ya MBC, kumene nyimboyo inkajambulidwa pa tepi. Lero mnyamata wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi akhoza kujambula chimbale chathunthu m'chipinda chake chogona, chifukwa cha kompyuta. Koma ndalama yogulira kompyutayo kaŵirikaŵiri imakhala yoti wasunga chaka chonse, mwinanso yangongole, ndipo akalakwitsa pogula, alibe poyambiranso.

Kompyuta ya patebulo imaposa laputopu pa chinthu chimodzi chachikulu: bokosi lake limatseguka. Zigawo za m'kati zimachotsedwa n'kuikamo zina zamphamvu, pamene m'malaputopu ambiri a masiku ano zigawo zina ndi zowotcherera, zosasinthika. Choncho woimba sakakamizidwa kugula zonse tsiku limodzi. Amagula maziko abwino, zina n'kumawonjezera pamene thumba lalola.

Mazikowo ndi purosesa, imene imagwira ntchito yonse yoŵerengera mawu, ndipo ndiyo yovuta kuisintha pambuyo pake. Makompyuta ambiri otsika mtengo ndi amene anagwirapo ntchito m'maofesi, monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre. Ndi olimba ndithu, koma wogula ayenera kufunsa zaka zake. Wogulitsa akangoti "iyi ndi Core i7, bwana," sananene zonse. Purosesa ya i7-3770 inatuluka m'chaka cha 2012 ndipo ili ndi mitima inayi yogwirira ntchito, pamene i5-8500 ya 2018 ili ndi isanu ndi umodzi ndipo imaiposa, ngakhale dzina lake likumveka laling'ono. Nambala yoyamba pa manambala anayiwo ndiyo imanena m'badwo wake. Nkhani ya m'badwoyi yakula chifukwa kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imalandira mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wachisanu ndi chitatu. Bokosi lopukutidwa bwino likhoza kukhala chikomekome cha mkuyu.

Pambuyo pa purosesa pamabwera RAM, imene ili ngati mphasa yoyalapo zonse zimene zikugwiritsidwa ntchito nthaŵi imeneyo. Mapulogalamu monga FL Studio, Cubase ndi Reaper amaika pamenepo mawu a piyano, ng'oma ndi malipenga, ndipo malo akachepa, nyimbo imayamba kudukaduka. RAM ya 8 GB ndi yongoyambira. Ya 16 GB imapatsa mtendere. Asanalipire, wogula asuzumire m'bokosi kuona ngati muli mipata yotsala, adziŵenso mtundu wake, pakuti DDR3, DDR4 ndi DDR5 siziloŵerana m'mipata.

Kwa amene ali kale ndi kompyuta yochedwa, palibe ndalama yobweza phindu msanga kuposa yogulira SSD. Hadi disiki yakale ili ndi mbale zozungulira ndi kamkono koŵerenga, pamene SSD ilibe chilichonse choyenda, ndipo yamtundu wa SATA imaŵerenga pafupifupi 500 MB pa sekondi, kuposa yakaleyo katatu kapena kanayi. Kukula kwake nakonso kuganiziridwe. Mzere umodzi wa mawu wojambulidwa pa 48 kHz ndi 24-bit umadya pafupifupi 8.6 MB pa mphindi. Nyimbo ya mphindi zinayi yokhala ndi mizere 24 imapitirira 800 MB, osaŵerengera maulendo amene woimba anabwereza atalakwitsa. Kwaya imodzi ya tchalitchi ikhoza kudzaza disiki yaing'ono chimbale chisanathe.

Pali chigawo china chimene achinyamata amachikonda kwambiri, khadi la zithunzi lokhala ndi magetsi onyezimira. Limeneli ndi la maseŵera ndi mafilimu. Nyimbo silizithandiza, ndipo mafani ake amangowonjezera phokoso. Ndalama yake ndi bwino ipite ku kabokosi kotchedwa audio interface, kolumikiza maikolofoni ndi gitala ku kompyuta kudzera pa USB. Kameneka kamapereka mphamvu ya mavoti 48 imene maikolofoni a kondensa amafuna, komanso kamachepetsa kuchedwa kwa mawu. Kompyuta imalandira mawu m'timagulu. Kagulu ka zidutswa 128 pa 48 kHz kamatenga mamilisekondi osakwana atatu, pamene ka 1,024 kamatenga oposa 21, ndipo woimba akamadzimva m'mahedifoni mochedwa chotero, amasokonezeka n'kuphonya kugunda kwa ng'oma. Pojambula kagulu kachepetsedwe, posakaniza nyimbo kakulitsidwe kuti purosesa ipume. Ambiri amene amadandaula kuti kompyuta yawo yatopa amangofunika kusintha nambala imeneyi, osalipira ngakhale tambala.

Maikolofoni yabwino imamva zonse, ndi kulira kwa fani komwe. Bokosi likhale kutali ndi woimba, koma lisaikidwe pansi penipeni pamene limakoka fumbi. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala fumbi likatseka mpweya, purosesa imatentha n'kudzichepetsa liŵiro yokha, mafani n'kumalira kwambiri. Kulipukuta m'kati ndi kabulashi kofeŵa, kompyuta itazulidwa ku magetsi, kumathetsa vutoli.

Pamagetsi ndi pamene laputopu imapambana, popeza ili ndi batire. Kompyuta ya patebulo imazima nthaŵi yomweyo magetsi akathima, ndipo ntchito yosasungidwa imatayika, nthaŵi zina fayilo yonse n'kuwonongeka. UPS yaing'ono imapereka mphindi zochepa chabe, koma zokwanira kusunga nyimbo ndi kuzimitsa bwino. Mtengo wake uŵerengedwe limodzi ndi wa kompyuta kuyambira pachiyambi. Hadi disiki yakale ija, imene yaloŵedwa m'malo ndi SSD, isatayidwe: iikidwe m'kachikwama kake ka USB, ndipo madzulo alionse nyimbo za tsikulo zizikopedwamo, makamaka za anthu amene analipira kale ndipo akuyembekeza chimbale chawo.