MWANA WAKHOZA, KHOLO LAGWIRA NJAKATA

Atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera, ndiponso antchito a Boma a m'maboma a Dowa ndi Ntchisi:

Nkhani imene yasautsa anthu m'midzi ya kwa Msakambewa, kwa Chiwere, kwa Kasakula ndi kwa Nthondo si ya feteleza yokha ai. Ilipo ina imene makolo saikamba mokweza pamsonkhano, koma amanong'onezana madzulo pakhonde. Mwana wakhoza bwino mayeso a Fomu 4, dzina lake latuluka pamndandanda wa osankhidwa kupita ku Yunivesite, koma m'nyumba mulibe ndalama zoti apitire. Mayi aimba nthungululu m'maŵa, pofika usiku bambo ali kuŵerenga mbuzi m'khola.

Anthu a m'mapiri muno sanayambe lero kukonda sukulu. Mishoni ya Mvera inatsegulidwa m'chaka cha 1889, ya Kongwe inatsatira mu 1894, ndipo sukulu ya sekondale ya Robert Blake ku Kongweko yatulutsa aphunzitsi, abusa ndi akuluakulu a Boma osaŵerengeka. Tsono kholo la kuno likadandaula za mtengo wa maphunziro, lisatengedwe ngati losadziŵa ubwino wa sukulu. Likudandaula chifukwa ubwinowo likuudziŵa.

Nkofunika kuti mtsogoleri aliyense adziŵe m'mene zinthu zinafikira pamenepa, pakuti wosadziŵa chiyambi amangoyankha anthu ndi ukali. Yunivesite ya Malaŵi inakhazikitsidwa mu 1964, niyamba kuphunzitsa ku Chichiri mu 1965, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. M'zaka zoyambazo mwana wosankhidwa ankaphunzira, kudya ndi kugona pa ndalama za Boma. Kamuzu Academy, imene inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, nayo inkatenga ana anzeru m'boma lililonse osalipira kanthu, mpaka pamene inasanduka yolipira Boma litasintha mu 1994. Makolo ambiri amene lero ali agogo anakula akudziŵa lamulo limodzi: mwana akakhoza, Boma limsenza.

Lamulo limenelo linatha pang'onopang'ono. Mu 1985 ophunzira anayamba kusonkhako kangachepe, ndipo wosoŵa ankapatsidwa ngongole. Mu 2001 choperekacho chinalumpha kuchoka pa K1,500 kufika pa K25,000. Mu 2015 Boma linaleka kupereka ndalama za chakudya ndi pogona kwa ophunzira atsopano, ndipo m'chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, la Higher Education Students' Loans and Grants Board. Mu 2016 fizi ya ku Chancellor College itakwezedwa kufika pa K400,000, ophunzira anachita zionetsero, koleji inatsekedwa, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachotsako K50,000. Mu 2023 fizi ya pa Yunivesite ya Malaŵi inachoka pa K350,000 kufika pa K650,000 pachaka, ndipo mu Novembala chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inatsika ndi 44 peresenti. Mlimi wa ku Malomo sanaŵerenge zonsezi m'nyuzipepala, koma anazimva pogula thumba la feteleza ndi polipira basi ya mwana.

Kunena zoona, Boma linali ndi chifukwa. Kale Yunivesite inali imodzi, ophunzira ake ochepa. Kenaka kunadza Yunivesite ya Mzuzu, ya zaulimi ku Bunda inaima payokha, ya sayansi inatsegulidwa ku Thyolo mu 2014, ndipo mphika umene unkakhutitsa ana ochepa sukanakwanira khamu lonselo. Mfundo imeneyi njoona, ndipo iyenera kufotokozedwa. Koma kufotokoza sikulipira fizi.

Makolo ayankha mosiyanasiyana. Ena agulitsa ng'ombe zokoka ngolo, ndiye kuti adula dzanja lomwe linkawadyetsa, popeza chaka chotsatira dimba ndi munda zimalimidwa mopereŵera. Ena agulitsa soya ndi mtedza kwa mavenda akangokolola, mtengo uli pansi, chifukwa tsiku lolembetsa silidikira msika. Ena aloŵa katapila, kubweza kaŵiri chimene anatenga. Alimi a fodya amayang'ana ku Kanengo, koma mabelo akagulitsidwa, ngongole za feteleza ndi malipiro a antchito zimayamba kudulidwa, ndipo chotsala sichifika kwa mwana amene ali ku Zomba kapena ku Blantyre, yemwe pamwamba pa fizi ayeneranso kulipira chipinda, chakudya ndi mabuku. Kholo limeneli likabwera ku ofesi lili lokwiya, kalaliki asalione ngati mdani wa Boma. Ndi munthu amene wagulitsa zonse ndipo sanafikebe.

Yankho loŵaŵa koposa ndi la nyumba imene muli ana aŵiri okhoza, mnyamata ndi mtsikana. Kaŵirikaŵiri wouzidwa kuti ayambe wadikira ndi mtsikana, ndipo kudikirako kumathera m'banja. Alipo makolo enanso amene afika potaya mtima nauza ana ang'onoang'ono kuti kulimbikira sukulu n'kutaya nthaŵi, popeza mkulu wao anakhoza koma ali pamudzi kusoka fodya. Mau otere ndi oopsa kuposa ngongole iliyonse, chifukwa amapha chidwi cha mwana wa Sitandade 6 amene sanaone n'komwe khomo la sekondale.

Pali funso limene makolo amafunsa, ndipo silinayankhidwe bwino. Mu 2020 njira yosankha ophunzira potsata maboma, imene anthu ankaitcha kota, inathetsedwa kuti mwana aloŵe m'koleji chifukwa cha kukhoza kwake. Nanga kukhozako kupindula chiyani ngati malo a mwana wa mlimi akhala opanda munthu chifukwa cha ndalama? Mwana wa ku Mponela amene wapeza mapointi ochepa, osonyeza kuti wapambana anzake, amaima pamzere umodzi wopempha ngongole ndi wina aliyense. Lamulo la 2015 limalola kupereka mphatso ya ndalama kwa ochita bwino koposa, koma thandizo limene ophunzira ambiri amalidziŵa ndi ngongole, ndipo si onse opempha amene amalandira.

Apa ndipo pali ntchito ya anthu amene asonkhana pano. Mabanja ambiri a kumapiri amaphonya ngongoleyo osati chifukwa chokanidwa, koma chifukwa chosadziŵa nthaŵi yofunsira, kapena chifukwa mafomu afuna intaneti imene kumudzi kulibe. Mwana wa m'tauni, amene bambo wake ali ndi kompyuta muofesi, amafunsira tsiku loyamba. Mphunzitsi wamkulu wa sekondale, mlangizi wa zaulimi, wapampando wa nthambi ndi nyakwaŵa angathe kulemba maina a ana onse osankhidwa m'dera lao zotsatira zikangotuluka, ndi kuona kuti aliyense wafunsira nthaŵi isanathe. Kalata yochitira umboni za umphaŵi wa banja ilembedwe moona, popanda kuyang'ana kuti kholo limavala nsalu ya chipani chiti.

Mau otsiriza apite kwa antchito a Boma eni ake. Bungwe la ngongole lili ndi udindo wotolera ndalama zimene zinabwerekedwa kuyambira 1985. Ena mwa amene sanabweze ndi akuluakulu m'maofesi, ena ali ndi magalimoto, ndipo mwina ena ali m'chipinda chino. Ndalama imene iwo akusunga ndi yomweyo imene mtsikana wa kwa Chilooko akuuzidwa kuti palibe. Amene akudziŵa kuti dzina lake lili m'kaundulamo apite kukafunsa kuti watsala ndi zingati, ndipo akapangane zoti azimdula pamalipiro mwezi ndi mwezi.