MOYO WA PANTCHITO KU KARONGA: ZIMENE NDINAONA

(Mau amene mmodzi wa ophunzira akale anayankhula pa msonkhano wathu wa pachaka kuno ku Nzama)

 

Komiti yandipempha kuti ndiyankhulepo za moyo wa pantchito ku mpoto, m'mbali mwa nyanja. Chifukwa chake n'chakuti ana athu angapo alandira makalata owatumiza kumeneko, ndipo ndamva kuti mmodzi wa iwo akuganiza zokana. Akuti kuli bwino akhale pakhomo kudikira malo ena kusiyana n'kupita kutali kopanda abale. Sindimutchula dzina, koma ali muno ndipo akundimva. Mwana wanga, ine ndinakhala ku Karonga zaka 13, kuyambira mu 2003 mpaka mu 2016, ndikugwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi. Ndikuuza zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, kenaka usankhe wekha.

Mantha amenewa si achilendo. Ife akuluakulu tikukumbuka kuti mu 1989 boma la nthawi imeneyo linalamula kuti aphunzitsi abwerere kukaphunzitsa m'zigawo za kwao. Lamulo lija linatha kalekale, koma linasiya maganizo m'mitima ya ambiri akuti munthu wa chigawo chapakati alibe malo ku mpoto, ndipo wa ku mpoto alibe malo kuno. Inenso kalata yanga itafika ndinali ndi maganizo omwewo. Achibale anabwera kudzandipepesa ngati pagwa zovuta.

Ndiyambe ndi mtunda, pakuti umenewu ndiwo mtolo wolemera kuposa yonse. Kuchokera pa boma la Ntcheu kukafika pa boma la Karonga ndi makilomita oposa 700. Umadutsa Dedza, Lilongwe, Kasungu, nkhalango ya Chikangawa ndi Mzuzu, kenaka n'kutsika mapiri a Chiweta, pamene nyanja imaonekera m'munsi mwako koyamba. Ukafika pa Karonga watsala pang'ono kutuluka m'dziko, chifukwa chipata cha Songwe cholowera ku Tanzania chili pafupi kuposa Mzuzu. Ine ndinanyamuka kuno m'mawa nditavala juzi ndi jekete. Ndinakafika tsiku linalo zonse zili m'manja, thukuta lili kamukamu.

Kutentha ndiye chinthu choyamba chimene munthu wa kumapiri kuno amalimbana nacho. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala nyumba ya malata imasanduka uvuni. Ntchito ya kumunda imayamba kusanache, ndipo masana aliyense amafuna mthunzi wa mango. Thupi limazolowera pakatha chaka. Chimene sichizolowereka ndi udzudzu. Ana anga, amene kuno ankadwala malungo mwa apo ndi apo, anadwala motsatizana m'chaka chao choyamba, ndipo wamng'ono anagonekedwa m'chipatala masiku asanu. Tinaphunzira kuti neti si yopachika pakabwera alendo ayi, ndi ya usiku uliwonse, ndiponso kuti mwana akatentha thupi suyembekeza kuti kuche kawiri. Tinaphunziranso kuti m'madzi odekha, momera bango, muli likodzo, ndipo m'mathiriro a mitsinje muli ng'ona. Eni dera amadziwa malo osambapo ndi malo osayandikira. Funsani. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi chakudya. Kuno tinakulira nsima ya chimanga, nyemba, kabichi ndi kachewere wa ku Tsangano ndi Lizulu. Ku Karonga zinthu zimenezi zimachokera kutali, choncho mtengo wake umawawa. Koma zimene kuno timadya pa Khirisimasi pokha, kumeneko ndi za tsiku ndi tsiku. Mpunga wa Kilombero, wonunkhira uja, umalimidwa konko. Usipa umagula uli wauwisi, asodzi akungotsika m'bwato. Nthochi zili paliponse, ndipo akaphika zaziwisi pamodzi ndi nyama amazitcha mbalagha. Kulinso nsima ya chinangwa, kondowole, imene poyamba inandikanika kumeza koma pambuyo pake ndinkachita kuifuna. A Nkhonde ndi alimi a ng'ombe, ndipo tsiku limene mnansi wanga anandipatsa chambiko ndinakumbuka agogo anga a Chingoni. Munthu amene aumirira kudya monga amadyera ku Ntcheu, malipiro ake sadzafika pa 20. Amene adya za kumeneko adzakhuta, n'kusungako kangachepe.

Chachitatu ndi ntchito yeniyeniyo. Ananditumiza kukalangiza alimi a mpunga, ine amene ndinali ndisanawokerepo mbande ya mpunga ngakhale imodzi. Za m'buku ndinkazidziwa: kufesa nazale, kuwokera m'mizere, kuthira feteleza, kusamala ngalande za madzi monga zimachitikira m'masikimu a Hara, Wovwe ndi Lufilya. Koma pa msonkhano wanga woyamba ndinayankhula Chichewa kwa ola lathunthu, anthu ali chete, ndipo nditamaliza bambo wina wachikulire anandifunsa mwaulemu ngati ndinalimapo ndi ng'ombe m'matope. Ndinavomera kuti ayi. Iwo anati, "Ndiye mawa mubwere kumunda kwanga." Ndinapita. Ndinagwa kawiri m'matope ana akuseka. Kuyambira tsiku limenelo alimi anayamba kumva zonena zanga, chifukwa anaona kuti inenso ndikumva zao.

Pamenepa ndi pamene pali nkhani ya chiyankhulo. Pa boma la Karonga Chichewa chimamveka, ndipo mukhoza kugula ndi kugulitsa popanda vuto. Koma kumidzi anthu amayankhula Kyangonde ndi Chitumbuka, ndipo chakumalire mumamva Chiswahili. Palibe amene amayembekeza kuti mlendo adziwe zonse mwezi umodzi. Chimene amayang'ana ndi chakuti kodi akuyesa? Mau awiri okha, "mwaghona" popereka moni ndi "ndagha" pothokoza, ananditsegulira makomo ambiri kuposa kalata yanga ya boma. Ana anga anaphunzira Chitumbuka m'miyezi yochepa, n'kumatitanthauzira ife makolo.

Chachinayi ndi banja, ndipo apa ndiulule kulakwa kwanga. Chaka choyamba ndinasiya amayi akunyumba ndi ana kuno, poganiza kuti ndikapempha kusamutsidwa ndibwerera msanga. Chaka chimenecho ndicho chinali chowawa kuposa zonse. Malipiro amodzi ankadyetsa makomo awiri. Ine uko ndinkadya m'malesitilanti, kuno ana akusowa sopo. Madzulo analinso aatali, ndipo mwamuna amene alibe kopita madzulo amapeza kopita. Ndinaona anzanga ena, ochokera m'maboma osiyanasiyana, mabanja ao akutha chifukwa cha zimenezi. Ine chinandipulumutsa ndi chakuti amayi akunyumba anakwera basi okha n'kunditsata, nandiuza kuti sabwerera. Anachita bwino. Patapita nthawi anayamba kugula mpunga nthawi yokolola n'kumautumiza kuno, uku akuitanitsa kachewere ndi nyemba zokagulitsa kumeneko. Geni imeneyi ndiyo inalipira fizi ya ana athu ku sekondale, osati malipiro anga.

Za sukulu musade nkhawa. Anthu a kumpoto nkhani ya maphunziro saiseweretsa, ndipo ana anga anapeza anzao olimbikira amene anawakoka. Ku Karonga kuli sukulu zodziwika monga Chaminade ya anyamata ndi St Mary's ya atsikana. Ife Akatolika sitinasowe kopemphera, ndipo tinali konko pamene dayosizi ya Karonga inakhazikitsidwa mu 2010, ndi Ambuye Martin Mtumbuka ngati episkopi wake woyamba. Chipatala cha boma chilipo, koma matenda akakula amatumiza ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 200. Nyumba za lendi zinali zotsika mtengo pamene ndinkafika, koma zinakwera mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009. Choncho musanyamule katundu yense musanapite kukaona pokhala.

Inu amene simunakwatire kapena kukwatiwa, dziwaninso kuti mwambo wa ukwati ndi wosiyana. Kuno ambiri timatsata chikamwini, ndipo mwini mbumba ndi malume. Kumeneko mwamuna amapereka malowolo, kawirikawiri ng'ombe, mkazi amapita kwa mwamuna, ndipo ana amakhala a kuchimuna. Mwana wanga wamkazi anakwatiwa konko, ndipo banja lao lili bwino. Koma lili bwino chifukwa ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pansi ukwati usanachitike, n'kumvana za ana, za munda, ndi za kumene mkazi adzakhale mwamuna atatsogola. Nkhani zimenezi musazisiyire tsiku la maliro.

Tsopano ndinene chowawa chija. Mu Febuluwale 2007 mayi anga anamwalira kuno ku Nzama. Uthenga unandipeza madzulo ndili kumunda. Unali pakati pa mwezi, m'thumba munalibe kanthu. Pamene ndimamaliza kubwereka ndalama basi ya usiku inali itapita. Ndinanyamuka m'mawa mwake, mvula ili pakati, ndipo ndinafika kuno anthu atabwerako kale kumanda. Sindinaone nkhope ya mayi anga. Ena mwa inu munalipo, ndipo munandiperekeza kukaona mtumbira. Palibe mpunga kapena nsomba imene ingalipire zimenezo, ndipo sindikunamizani kuti bala lake linapola. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu wogwira ntchito kutali ayenera kukhala ndi ndalama ya ulendo wopita ndi kubwera, yosungidwa payokha, yosakhudzidwa ngakhale ndiwo zitasowa. Ndikanakhala nayo, ndikanakwera basi ya usiku uja.

Koma ndinenenso china, kuti muyeze bwino. Mu Disembala 2009 ku Karonga kunachitika zivomezi zotsatizana. Nyumba zambiri zinagwa, zina zinang'aluka, ndipo anthu ena anataya miyoyo. Khoma la nyumba yathu linang'ambika kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kwa masabata angapo tinkagona panja, nthawi ya mvula, nthaka ikugwedezeka usiku. Bambo aja anandiphunzitsa kulima ndi ng'ombe anabwera ndi ana ao, natimangira chisakasa pafupi ndi chao. Akazi ao ankaphika mphika umodzi wa mabanja awiri. Palibe anafunsa kuti kwanu n'kuti. Pamene ndinkapuma pa ntchito mu 2016, anthu a m'mudzi umenewo anatiperekeza ndi matumba a mpunga mpaka pa msewu, ndipo amayi akunyumba, omwe aja achibale ankawapepesa, analira kuposa tsiku limene ankachoka kuno.

Ndiye ukandifunsa, mwana wanga, kuti kodi moyo wa kumeneko ndi wabwino, yankho langa ndi ili. Kwa munthu amene apita thupi lokha, mtima atausiya ku Ntcheu, n'kumawerenga masiku ndi kulemba makalata opempha kusamutsidwa, moyo wake ndi wowawa, ndipo ndinaulawa chaka chimodzi. Kwa munthu amene apita ndi banja lake, nadya za kumeneko, naphunzira moni wa eni dera, nasunga ndalama ya ulendo, moyo wake ndi wabwino, ndipo ndinaudya zaka 12. Mtunda wokha ndiwo sungauchepetse. Umenewo uuvomereze usananyamuke, ndipo ukambirane ndi makolo ako poyera.

Tisaiwalenso kumene tachokera. Makolo athu Angoni a kwa Maseko anayenda mpaka ku Songea, m'dziko la Tanzania, asanabwerere kudzakhazikika ku Domwe ndi kuno ku Ntcheu. Ansembe a chipani cha Montfort amene anatsegula mishoni ino mu 1901 anachokera kutsidya la nyanja zamchere, naphunzira chiyankhulo chathu. Sukulu imene yatisonkhanitsa lero ndi chipatso cha anthu amene anavomera kukagwira ntchito kutali ndi kwao.

Pomaliza, A Wapampando, ndili ndi mapempho awiri kwa bungwe lathu. Loyamba, mlembi alembe maina a ophunzira akale onse amene akugwira ntchito ku Karonga, Chilumba, Nkhata Bay, Chintheche ndi Likoma, kuti mwana wathu akamapita kumeneko adziwe khomo loyamba kugogoda. Lachiwiri, tikhazikitse kathumba kapadera kobwereketsa ndalama ya ulendo kwa membala amene waferedwa ali kutali, kuti adzabweze pakutha pa mwezi. Ine ndayamba ndi chopereka changa, ndipo ndachisiya kwa msungichuma m'mawa uno.

Kwa iwe amene uli ndi kalata m'thumba, tikatuluka muno undipeze pansi pa mtengo paja. Ndikupatsa dzina la mudzi umene ukafikire, ndipo amayi akunyumba akuuza zoyenera kunyamula. Juzi usiye.