Valavu ya Mtima Yochokera ku Nyama Nayo Imatha

Lero tikambe za abale athu amene anachitidwa opaleshoni ya mtima. Ambiri mwa iwo vuto linayamba ali ana, ndi zilonda za kukhosi zimene sizinalandire mankhwala, ndipo matendawo anakawononga mavalavu a mtima.

Valavu ndi kachitseko koletsa magazi kubwerera m'mbuyo, ndipo mu mtima muli anayi. Ikawonongeka kwambiri, madokotala, monga a ku Instituto do Coração ku Maputo, amaikonza kapena kuikapo ina: yachitsulo, kapena yochokera ku nkhumba kapena ng'ombe. Yachitsulo imakhalitsa, koma imafuna kumwa warfarin ndi kuyezetsa magazi moyo wonse. N'chifukwa chake ya nyama imakomera mtsikana amene akufuna kudzabereka, kapena munthu wokhala kutali ndi chipatala. Koma imatha.

Imatha bwanji? Mtima umagunda ka 100,000 pa tsiku, ndipo valavu imatseguka ndi kutsekeka nthawi iliyonse. Yobadwa nayo ndi yamoyo, imadzikonza yokha. Yoikidwayi inaviikidwa m'mankhwala kuti isawole, ilibenso moyo, ndiye ikaperepeseka palibe choikonza. Kuwonjezera apo, kashiamu wa m'magazi amakakamira pamenepo, monga zoyera zija zimakakamira m'ketulo. Valavu imauma n'kumakanika kutseguka bwino, kapena imang'ambika n'kumadontha ngati labala wa mjigo wakutha.

Kwa agogo ikhoza kukhala zaka 10 mpaka 20. Kwa mwana kapena wachinyamata imatha msanga, nthawi zina zaka 10 zisanakwane, pakuti thupi lomakula limayendetsa kashiamu wambiri komanso limalimbana kwambiri ndi chinthu chachilendo. Matenda a impso nawonso amafulumizitsa kutha kwake. Choncho musaimbe mlandu mayi wa mwana kapena kuthamangira kunena za ufiti.

Choopsa n'chakuti imayamba kutha mwini wake akudzimva bwino. Tsiku lokajambulitsa mtima likakwana, pitani, ngakhale ndi nyengo yokumba mbatatesi. Jakisoni wa penisilini wa mwezi ndi mwezi musamuleke adokotala asananene. Tsukani mano, chifukwa tizilombo ta m'kamwa timatha kukafika pa valavuyo.

Mukaona befu pokwera kamtunda kamene kale mumakwera bwinobwino, kutupa miyendo, kulephera kugona chagada, kapena kutentha thupi kosatha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Tengani mapepala onse a opaleshoni, kaya mukupita ku Ulongué, ku Tete kapena kutsidya ku Malawi.